Lipoti la kukonza reel yakale ya Mitchell 300: magiya sanali akutha

Reel (chipangizo chokulungira chingwe chowedzera nsomba) imene ndikunena mu lipotili ndi Mitchell 300 yakuda, yopangidwa ku France, ya mtundu uja womangirira kunsi kwa ndodo yowedzera. Anabwera nayo ndi bambo ena achikulire, ndipo inali ya malemu bambo awo. Madandaulo anali atatu. Chopukusira chinkalemera ndiponso kumveka kukhulana m'kati. Bail, waya wopindika amene amakola chingwe n'kumachikulunga pa spool (kang'oma kosungira chingwecho), sinkabwerera yokha munthu akayamba kupukusa, ankachita kuikankha ndi dzanja. Ndipo loko yoletsa chopukusira kubwerera m'mbuyo inkagwira pamene yafunira.

Bambowo anabwera atagamula kale kuti magiya atha. Zaka zingapo m'mbuyomo munthu wina anaitsegulapo n'kuwauza choncho, ndipo kuchokera pamenepo reel inangokhala m'kabati. Pempho lawo linali lakuti ndisinthe magiya onse, ndipalenso penti yakale n'kupaka yatsopano. Ndinawapempha kuti andilole ndione kaye m'kati tisanagule kalikonse, chifukwa pa reel za mtundu uwu mawu akuti magiya atha ndimawamva kawirikawiri, koma magiya akuthadi ndimawaona mwa apo ndi apo.

Kudziwa kaye reel yomwe ili m'manja

Mitchell inayamba kupangidwa mochuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi kampani ya Carpano & Pons ku Cluses, tauni ya m'mapiri a Alps, m'chigwa cha mtsinje wa Arve. Tauniyi inatchuka kalekale ndi ntchito yopanga tizipangizo ta mawotchi, ndipo ukatsegula reel iyi umaoneratu kuti anaiganiza ndi anthu ozolowera magiya ang'onoang'ono. Injiniya amene anaiyambitsa ndi Maurice Jacquemin. Nzeru ya spool imene siizungulira poponya inalipo kale, popeza Alfred Holden Illingworth wa ku England anailembetsa mu 1905. Bail yathunthu, yochoka mbali ina ya mutu (gawo lozungulira limene limanyamula bail) kukafika mbali inayo, inali m'manja mwa kampani ya Hardy ya ku England kuyambira 1932, ndiye Mitchell zoyambirira zinkatuluka ndi bail yatheka, kamkono kopindika kokha, mpaka umwini wa Hardy unatha mu 1954.

Wokonza amafunika kudziwa zimenezi chifukwa Mitchell 300 inapangidwa kwa zaka zambirimbiri, ndipo m'kati mwa zakazo ankasintha tinthu tina ndi tina. Chipangizo cha reel ya chaka china sichilowa nthawi zonse m'ya chaka china. Yathuyi ili ndi bail yathunthu, ili ndi nambala 300, pamene zoyambirira zinkangolembedwa Mitchell basi, ndiponso ili ndi dzina la Garcia, kampani ya ku America imene inkazigulitsa kumeneko. Choncho si ya m'gulu loyamba. Palinso mnzake, Mitchell 301, wokhala ndi chopukusira kumanja, amene zipangizo zake zina n'zotembenuka ngakhale zimaoneka zofanana.

Reel iyi ili ndi khalidwe lakelake. Mutu wake umazungulira mosemphana ndi reel zambiri za masiku ano. Chopukusira chikazungulira kamodzi, mutu umazungulira pafupifupi maulendo 4, kumene n'kuchedwerapo poyerekeza ndi zatsopano, koma kumapatsa mphamvu pokoka. Ndipo m'kati mulibe mabering'i a timipira. Chitsulo chimayenda pa chitsulo chinzake, pakati pali mafuta okha. Kufewa kwake konse kumadalira zinthu ziwiri: mafuta oyenera, ndi mpata woyenera pakati pa zipangizo.

Kumvetsera ndisanatsegule

Ndisanagwire sikuludilaiva ndinaipukusa pang'onopang'ono nditaiika pafupi ndi khutu. Giya ikathyoka dzino, kapena dzino likapindika, imagunda pa malo amodzi, ndipo kugundako kumabwera pa nthawi yake, moti ukhoza kuwerenga n'kudziwa yolakwa. Kukamveka kamodzi chopukusira chikamaliza ulendo, yang'ana giya yaikulu. Kukamveka pa kuzungulira kulikonse kwa mutu, yang'ana mano a mutuwo. Apa sizinali choncho. Kukhulana kunali kofanana ponseponse. Nditachotsa spool phokoso silinasinthe, kusonyeza kuti si spool imene ikukhula pa mutu.

Kenako ndinagwira mutu ndi zala n'kuukokera kutsogolo. Unali gwedegwede, unkasuntha moonekera ndi maso. Izi zinandiimitsa, chifukwa mutu wogwedera umayenera kupepuka, osati kulemera. Zizindikiro ziwiri zikamatsutsana chonchi, kawirikawiri vuto limakhala kamangidwe, osati kutha kwa zitsulo.

Kuphwasula

Spool imachoka pongodina batani la kutsogolo. Chopukusira chimamasuka ukagwira mutu n'kuchizungulitsa chobwerera. Chivindikiro cha m'mbali chimagwidwa ndi masikuluwu 3, ndipo awiri anatuluka opanda vuto. Yotsalayo inali itakakamira, mutu wake utazunguliridwa ndi ufa woyera mbuu. Sikuluwu yachitsulo ikakhala m'thupi la aluminiyamu, pakafika madzi, makamaka amchere, aluminiyamu ndi amene amadyeka, ndipo ufa wotulukawo umadzaza m'mathiredi n'kumanga sikuluwu nganganga.

Apa mphamvu siithandiza. Ndinadontheza oyilo wolowerera n'kuisiya igone. Kutacha ndinasula nsonga ya sikuludilaiva ndi tupa kuti idzaze mpata wonse wa mutu wa sikuluwu, m'litali ndi m'lifupi, chifukwa sikuludilaiva yaing'ono ndi imene imang'amba mitu ya masikuluwu akale. Ndinatenthetsa mutuwo ndi chowotcherera mawaya, osati moto wa lawi umene ukanapsereza penti, n'kugogoda pang'ono kumbuyo kwa sikuludilaiva. Ndinayamba ndi kuimangitsa pang'ono kuti ufa uja usweke, kenako kumasula, kubwerera, kumasulanso, mpaka inatuluka ndi mathiredi ake amoyo.

Chipangizo chilichonse chisanachoke pamalo pake ndimachijambula ndi foni, ndipo ndimayala zonse pa nsalu yoyera m'thireyi ya m'mbali zazitali, motsatana ndi mmene zatulukira. Timasipuling'i ta reel tikadumpha sitibwerera.

M'kati ndinapezamo girisi wa mitundu iwiri. Pansi panali wakale, wofiirira, wouma gwa ngati phula. Pamwamba pake panali wina wakuda bii, wolemera, wa mtundu wopaka m'mawilo a galimoto, ndipo anamupakira mpaka kudzaza thupi lonse. Girisi kwenikweni ndi oyilo wosungidwa m'chinthu chomulimbitsa, kawirikawiri cha mtundu wa sopo. Zaka zikamapita oyiloyo amatuluka kapena kuwonongeka ndi mpweya, n'kutsala cholimbitsacho chokha, chimene sichifewetsa kanthu. Kuthira watsopano pamwamba pa wakaleyo sikumudzutsa, ndipo mitundu ina ya girisi siigwirizana n'komwe.

Dandaulo la loko linayankhidwa pomwepo. Nditazula giya yaikulu pa chivindikiro, kunsi kwake ndinaona kadzino kamene kamakola giyayo kuti isabwerere, katamira m'girisi. Kasipuling'i kake kanali kabwinobwino, kungoti ndi kopyapyala, sikakanatha kukankha kadzinoko m'phala lolemera chotero. Kukatentha girisi ankafewa, loko n'kugwira. Kukazizira ankalimba, loko n'kukana. N'chifukwa chake eniake ankaona ngati ili ndi maganizo akeake.

Shafiti imene imanyamula spool imagwidwa ndi kachitsulo kotsetsereka, kamene giya ina imakakankhira kutsogolo ndi kumbuyo kuti chingwe chiyalike mofanana. Ukamasula chotchingira chake n'kukanyamula, shafiti imasololoka chakutsogolo. Ndinaigubuduza pa galasi ndipo inayenda myaa, inali yowongoka.

Nkhani yeniyeni inali m'mutu. M'kati mwa mutu muli kambale kachitsulo kosazungulira, komangidwa ndi nati imodzi. Nati imeneyi inamasuka ndi zala, sindinafune sipanala. Kunsi kwa kambaleko ndinapeza tiwashala tonse topyapyala titaunjikidwa pamodzi. Nditazula mutu, kunsi kwake kunalibe kawashala ngakhale kamodzi, ndipo pa thupi la reel panali mzere wonyezimira wozungulira, pamene mutu unkakhula.

Kutsuka ndi kuyeza magiya

Zitsulo zonse ndinaziviika m'palafini n'kuzitsuka ndi mswachi, ndipo pakati pa mano ndinatokosamo ndi kamtengo kosongoka, dzino limodzilimodzi, chifukwa girisi wouma amakhala pansi penipeni pa dzino pamene bulashi siifika. Petulo sindigwiritsa ntchito, ngozi yake ya moto ndi yaikulu. Mankhwala a soda yoyabwa, onga otsukira uvuni, amadya aluminiyamu, ndiye asayandikire. Thupi lopentedwa linangofuna madzi ofunda ndi sopo, kenako kuumitsa bwino.

Magiya atauma ndinawayang'ana ndi galasi lokuza zinthu. Dzino lakutha limaonda, nsonga yake imasongoka, ndipo mbali imene imanyamula katundu imakumbika. Awa anali ndi nsonga zathunthu. Pa mano a mutu ndi a giya yaing'ono yolumana nawo panali kunyezimira pansi penipeni pa dzino, pamalo pamene mano sayenera kufikapo. Palibe giya ngakhale imodzi imene inafunika kusintha.

Tiwashala timene timalamula zonse

Anthu ambiri akaona tiwashala timeneti amaganiza kuti n'tongokometsera. N'topyapyala kwambiri, tina sitifika ngakhale theka la milimita, ndipo timamatirira m'girisi moti n'kosavuta kutipukutira kunsanza osadziwa. Koma pa Mitchell 300 ndi timeneti timene timasiyanitsa reel yofewa ndi yokhula.

Kunsi kwa mutu kuli mano amene amalumana ndi giya yaing'ono ya m'thupi. Tiwashala ta pakati pa mutu ndi thupi ndi timene timayeza kuti kulumanako kuzame bwanji. Tikachepa, mutu umatsika kwambiri, mano amafika pansi pa anzawo n'kumakhulana. Tikachuluka, mutu umakwera, mano amangogwirana nsonga, reel imapepuka koma imachita phokoso ndipo nsongazo zimatha msanga. Tiwashala ta pamwamba, pakati pa mutu ndi kambale kaja, tili ndi ntchito ina: timachotsa kugwedera kwa kutsogolo ndi kumbuyo. Tikachuluka, ukamanga nati mutu umagwidwa, tikachepa umagwedera. Ku fakitale ankaika timeneti molingana ndi reel iliyonse payokha, ndiye chithunzi cha zipangizo chimakuonetsa malo ake okha, osati kuchuluka kwake pa reel yakoyo.

Zimene zinachitika zinaoneka bwino tsopano. Wokonza woyamba uja anapeza tiwashala titasokonekera, n'kutiika tonse pamwamba. Mutu unatsika, mano anazama. Atamanga nati, mutu unakana kuzungulira, ndiye anaibweza pang'ono kuti uyende. Kubwezako kunabweretsa kugwedera, ndipo pofuna kuzimitsa phokoso anadzaza girisi wolemera, amene anapha loko. Sindikumuweruza munthuyo, aliyense wosauzidwa za tiwashalati akhoza kuyenda njira yomweyo, ndipo chinthu chabwino chimene anachita n'chakuti sanatitaye.

Kubwezeretsa ndi ntchito ya zala ndi khutu. Ndinamanga reel popanda girisi, ndi kadontho ka oyilo kokha, chifukwa girisi amabisa kukhulana n'kukunamiza. Ndinayambira kunsi kwa mutu, kuika kawashala kamodzi, kumanga nati mpaka kulimba, kutseka chivindikiro ndi masikuluwu onse, n'kupukusa. Nati ndi masikuluwu ziyenera kulimba nthawi iliyonse, apo ayi ukuyeza chinthu chimene sichidzakhalapo reel ikatha. Pofuna kuona ndi maso, ndinapaka inki ya cholembera chachikulu pa mano a mutu, n'kupukusa pang'ono, n'kutsegula. Pamene inki yafufutika ndi pamene mano akugwirana. Poyamba inkafufutika pansi pa dzino. Nditawonjezera kawashala, chizindikiro chinasunthira pakati, ndipo kukhulana kunatheratu. Ndinayesa kupitirira apo kuti ndione malire, phokoso la mano ogundana nsonga linayamba, ndipo ndinabwerera.

Totsalato tinapita pamwamba. Apa ndimafuna kuti mutu uzungulire momasuka nati italimba, koma ukaukoka usunthe pang'ono kwambiri, kongomveka m'zala, osaoneka ndi maso. Kuchotseratu kusunthako si nzeru, chifukwa mafuta amafuna pokhala. Tiwashala tomwe tinali m'reelmo tinakwanira ndendende, osasowa kena, osatsala kena, ndipo zimenezi zinanditsimikizira kuti kagawidwe kake kayandikira mmene kanaliri poyamba. Kunsi kwa giya yaing'ono kunalinso kawashala kake, koma aka kanali pamalo pake, ndiye sindinakasunthe.

Bail

Bail inali ndi mavuto awiri. Kambale kaja ndi kamene kamagunda kamkono komasula bail mutu ukayamba kuzungulira, ndipo popeza kanali kogwedera, nthawi zina kankaphonya. Ilo linatha nati italimba. Lachiwiri linali sipuling'i yobisika pansi pa sikuluwu ya bail, imene mwendo wake unali utathyoka. Iyi ndi nthenda yodziwika ya reel izi, chifukwa sipuling'iyo imapindidwa pa kuponya kulikonse, ndipo chitsulo chimatopa. Ndicho chipangizo chokha chimene tinagula. Pogula ndinaonetsetsa kuti ndi ya 300, popeza ya 301 inapotedwa mbali ina ndipo siingagwire.

Ndisanaike sipuling'i ndinayesa bail yokha. Iyenera kugwa ndi kulemera kwake ukatembenuza mutu. Iyi inkakakamira pakati, chifukwa waya unali utapindikira m'kati pang'ono, mwina reel inagwapo. Ndinauwongola ndi manja, pang'onopang'ono, mpaka mabowo ake awiri anayang'anizana ndi a mutu popanda kukankha. Bail yopindika imathyola sipuling'i yatsopano msanga, ndiye amene amangosintha sipuling'i osawongola waya amabwereranso. Poika, mwendo umodzi umalowa m'kabowo ka mutu, wina m'kampata ka bail, ndipo umapota pang'ono uku ukumanga sikuluwu, chala chili pamwamba.

Pamene chingwe chimadutsa pa bail iyi pali kachitsulo kolimba kosazungulira. Ndinapititsapo thonje kuti ndione ngati lingakodwe pa kamng'alu kapena kangalande. Silinakodwe.

Drag, mafuta ndi kuyesa

Drag, buleki imene imalola nsomba kukoka chingwe chisanaduke, ili m'spool momwemo. Inali yodzaza mchenga ndi oyilo wakale, ndipo inkamasula modukizadukiza. Ndinaiphwasula, kutsuka sipuling'i ndi washala wake, kupukuta pamene zimakhulana mpaka kuyera, n'kubwezera. Ndinadonthezanso oyilo pa batani lochotsera spool.

Pa mafuta ndine wouma manja, ndipo ndimachitira dala. Girisi wopepuka wa reel ndinamupaka ndi kabulashi pa mano okha, wongokwanira kunyowetsa, ndiponso pa njira ya kachitsulo kotsetsereka. Pa shafiti, pa chubu chimene mutu umazungulirapo, pa timitengo ta magiya, pa mahinji a bail ndi pa chogwirira, oyilo wopepuka. Kadzino ka loko kanalandira kadontho ka oyilo basi, girisi ayi. Mathiredi a masikuluwu a chivindikiro ndinawapaka girisi pang'ono kuti ufa woyera uja usabwerere.

Nditamanga zonse ndinakulunga chingwe cha nayiloni, ndikusamala mbali imene chikuchokera pa chogudubuza chake, chifukwa mutu wa reel iyi umazungulira mosemphana ndi zina ndipo ukalakwitsa chingwe chimapotana. Chinayalika mofanana kuyambira kumbuyo kwa spool mpaka kutsogolo. Drag ndinaiyesa ndi sikelo ya sipuling'i, n'kuiika kuti imasule pa gawo limodzi mwa magawo 3 kapena 4 a mphamvu ya chingwe, monga owedza ambiri amachitira. Inamasula mosadukiza. Kenako ndinamanga reel pa ndodo, kuponya kachitsulo kolemera pabwalo mobwerezabwereza, ndi kukoka katundu pansi kuti magiya amve kulemera. Reel yofewa pa tebulo ikhoza kulira ikanyamula katundu, iyi sinalire. Bail inkatseka yokha, ndipo loko inkagwira ngakhale nditaisiya reel pamalo ozizira usiku wonse. Phokoso limene latsala ndi kulira kwa magiya ambiri oyenda pamodzi, kumene Mitchell 300 iliyonse ili nako, ndipo munthu asayese kukuzimitsa ndi girisi.

Za penti

Pempho lopaka penti ndinalikana, ndipo ndinawafotokozera chifukwa chake. Penti inali itafufutika pa mwendo wa reel, pamene zala zimagwira, ndi m'mphepete mwa chivindikiro. Kwina konse inali yolimba, ndipo aluminiyamu wa pamalo ofufutikawo sanadyeke. Kupala kukanawononga zilembo zozokotedwa, penti yatsopano ikanalowa m'malo amene zipangizo zimakhalirana n'kusokoneza mipata imene tinali titangoyeza kumene, ndipo osonkhanitsa reel zakale amakonda yokhala ndi penti yake yoyamba kusiyana ndi yopakidwanso.

"Bambo," ndinatero, "pamene pafufutikapa ndi pamene bambo anu ankagwira. Ine ndingapake ngati mwalimbikira, koma sindikulangizani."

Iwo anaitembenuza, kuika zala pa mwendo paja, n'kunena kuti, "Isiyeni choncho, achimwene."

Ndinangopukuta thupi ndi nsalu ya oyilo pang'ono. Malangizo amene ndinawapatsa ndi ochepa. Agwiritse ntchito nayiloni, chifukwa reel iyi inapangidwira chingwe chimenecho, ndipo zingwe zolukidwa za masiku ano siziyenda bwino pa kachitsulo kosazungulira. Akabwerako kumadzi aipukute, ndipo ngati inakhudza madzi amchere aitsukuluze ndi madzi abwino osaiviika. Poisunga amasule drag kuti sipuling'i ipume, ndipo bail ikhale yotseka. Ndinawalembera pa kapepala kuchuluka kwa tiwashala ta kunsi ndi ta pamwamba pa mutu, n'kukaika m'bokosi la reel, kuti wodzaitsegula mtsogolo asadzayambirenso kufufuza.

Chogwirira cha chopukusira chikugwederabe pang'ono, chifukwa bowo lake lakula ndi zaka. Sichisokoneza kuwedza, ndiye tinagwirizana kuti tichisiye mpaka chitapezeka china cha nthawi yomweyo.